Rauta ya Paphiri ndi Tambala wa Esinati

Zaka za mapolo

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha. Agogo anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezamo zina zomwe mwini wakene sindizikumbukira. Ine ndiyambira tsiku lomwe ndinalandira ovolosi ndi lamba wokwerera polo, ku Liwonde, pa ntchito ya mawaya a telefoni. Sananditenge chifukwa cha sukulu, poti sukuluyo ndinalekera panjira. Ananditenga chifukwa pa anyamata onse omwe tinayesedwa tsiku limenelo, ine ndinafika pamwamba pa polo anzanga akadamangabe lamba. Kapitawo wathu, a Sumani, bambo wachiyao amene sankaseka ntchito isanathe, anandiyang'ana ndili m'mwambamo n'kunena kuti, "Kapito, kukwera umatha. Nanga wakwereranji osatenga pulayala?" Ndinatsika, ndinatenga pulayala, ndinakweranso. Anzanga anandiseka mpaka mvula inagwa.

Ntchito imeneyo inali ya kusowa. Waya kusowa, mafuta a galimoto kusowa, ngakhale tepi yomatira tinkachita kubisirana. Akuba ankadula waya kukagulitsa, ife n'kumalumikiza tizidutswa ngati munthu wosoka zigamba. Galimoto ikakhala pamiyala, tinkamanga makwerero panjinga n'kupalasa mpaka ku Ulongwe, dzuwa lili pamutu. Koma ine sindinkadandaula kwenikweni, chifukwa ntchito yoyenda ndi imene thupi langa linkafuna. Ine ndi mpando sitinagwirizanepo. M'tchalitchi ndinkasankha benchi yakukhomo. Mayi anu mpaka lero amati ndimamwa tiyi ngati munthu amene wamva hutala ya basi. Malo aliwonse ndikangowazolowera, ndinkapempha kuti andisamutse: Liwonde, Balaka, Zomba, kenako Balaka kachiwiri, poti ndinaiwala kuti kunanditopetsa. Mayi anu anasiya kumasula makatoni ena.

Chomwe chinkandikhazika pansi pang'ono ndi mabuku a makina. Makina aliwonse atsopano ankabwera ndi buku lake, ndipo anzanga ankaligwiritsa ntchito ngati chotsamira kapena chokupizira moto. Ine ndinkatola. Ndinali ndi dikishonale yothothoka masamba a kumapeto, choncho mawu onse oyamba ndi zilembo zomaliza ndinkangowaganizira ndekha. Chizungu changa ndi cha makina. Ndikhoza kumufotokozera mzungu chifukwa chake waya ukutentha, koma akandifunsa ngati ndadzuka bwino ndimayamba kuyang'ana kumbali.

Kenako anabwera mafoni a m'manja, mapolo athu n'kusanduka mokhalamo akhwangwala. Ambiri tinauzidwa kuti tikapume, tisanatope.

Chaka chomwe ndinabwerera kuchigwa

Ndinabwerera kwathu kuno ku Domasi ndi mabuku anga ndi mtima wosakhazikika. Ulimi ndinayesa, koma chimanga chimakula pang'onopang'ono zedi, ndinkachiyendera katatu patsiku ngati wodwala. Mwamwayi kunabwera kabungwe kakang'ono kolumikiza masukulu ndi zipatala za m'chigwa muno ku intaneti kudzera pa mawayilesi. Ankafuna munthu wosaopa kukwera. Ofesi yathu inali kachipinda kumbuyo kwa sitolo ya zitsulo pa Songani: tebulo, laputopu, batire yaikulu pansi pa tebulo, ndi ine. Bwana wanga, a Mwale, anali injiniya wachinyamata wokhala ku Blantyre. Anali wamsinkhu wa iwe Dalitso, koma sanandichititsepo manyazi. Ndikafunsa funso lopusa ankati, "Bambo Kapito, limenelo nanenso linandivuta," ngakhale ndinkadziwa kuti akunama mwaulemu.

Iwo ndi amene anandiphunzitsa za rauta. Rauta ndi bokosi lachitsulo laling'ono ngati kasutikesi, ndipo ntchito yake ndi ya woitanira pa siteji ya minibasi: uthenga uliwonse ukafika, limawuuza njira yoti ukwere. Rauta yathu yaikulu inali paphiri, tsidya la mtsinje wa Domasi, pansi pa mlongoti ndi masola ake. Kuseri kwa phiri limenelo kunali kachipatala komwe mafoni a m'manja sankagwira konse. Foni yokhayo yomwe anamwino a kumeneko ankaitanira ambulansi inkadutsa mu rauta imeneyi. Bokosilo linali lokalamba ngati ine tsopano. Likazima silinkadzukanso lokha, mpaka munthu akwere phiri, azule pulagi, abwezere, n'kulisisita pang'ono.

Kulankhula ndi rauta sikufuna kukwera phiri. Umakhala pa Songani, n'kutsegula kazenera kakuda pa laputopu, kopanda zithunzi, kopanda mitundu, kamzere kakang'ono kakungophethira kudikira lamulo. Ukalemba dzina ndi mawu achinsinsi, basi walowa m'kati mwa bokosi lomwe lili kutali paphiri. Ntchito ikakhala yaitali, a Mwale ankalemba sikiripiti, ndiye kuti malamulo ambiri osanjidwa motsatana, n'kuiika mu rautamo. Ine ndinkalowa, n'kuiyambitsa ndili m'kati momwemo. Inkachita sitepe imodzi, n'kuonetsa zomwe yachita, n'kufunsa ngati ipitirire. Ukadina chilembo y, yapitirira. Ukadina n, yaima.

Ndinaikonda njira imeneyi chifukwa inali ngati kucheza. Makina akufunsa, iwe ukuyankha. Koma a Mwale anandichenjeza tsiku loyamba lomwe. "Bambo Kapito, sikiripiti yomwe mwaiyambitsa muli m'katimo, moyo wake uli pa inu. Mukatuluka, kaya magetsi akuzimirani, yafera pomwepo, ntchito ili theka. Ndipo rauta imeneyi ikaona kuti munthu wakhala chete kwa mphindi zochepa, imamutulutsa yokha n'kutseka chitseko."

"Ndiye kuti imadana ndi anthu ongokhala?" ndinafunsa.

"Kwambiri."

"Tigwirizana," ndinatero.

Tsopano ndinene za Esinati, msuweni wanu. Mchemwali wanga Agnesi atamwalira, Esinati anali asanayambe sukulu, ndipo ine ndi mayi anu tinamutenga. Wayenda nafe m'masamuko onse aja, atakhala pamwamba pa makatoni. Ndine ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, ndine ndinakamusiya ku sekondale. Atapeza mnyamata, Fanuwelo, mphunzitsi wa kupitirira Naisi, wa banja la Alomwe lomwe makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale, panalibe wofunsa kuti nkhoswe akhala ndani. Malume wamkulu ndinali ine. Inu a m'tauni mumayesa chinkhoswe ndi madansi ndi kuponya ndalama m'lichero. Ayi. Pakati pa zonsezo pamakhala kanthawi kochepa pomwe nkhoswe ya kuchimuna imapereka tambala m'manja mwa nkhoswe ya kuchikazi, n'kulandira msoti. Amene walandira tambalayo ndiye mwini banjalo moyo wake wonse. Kukabadwa mwana amayamba kumva ndi iye. Kukakhala matenda, mkangano, maliro, amagogoda pakhomo pake. Ine udindo umenewo ndinkauyembekezera kuyambira tsiku lomwe tinaika Agnesi m'manda. Ndinasoketsa suti kwa mng'ono wanga Layisoni, telala, munthu wofatsa amene akhoza kukhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa osatembenuka n'komwe.

Loweruka la chinkhoswe, mvula ili pakati

Mwezi umenewo kampani yomwe inkatipatsa intaneti inkasiya, tinkasamukira ku ina. Tsiku anagwirizana okha makampani awiriwo, ndipo linagwera Loweruka la chinkhoswe cha Esinati. Ndinawauza a Mwale. Iwo anadandaula nane, koma anati tsikulo silingasunthe, poti njira yakale aidula m'mawa womwewo, ndipo iwo ayenera kukhala ku mbali ya ku Blantyre. "Ndi ntchito ya kapu imodzi ya tiyi, bambo. Muyambe m'mawa, mukafika ku chinkhoswe amayi asanayambe n'komwe kuimba."

Ndinanyamuka nditavaliratu suti, miyendo ya thalauza nditaipinda kuopa tcheni cha njinga. Mvula inali itagwa sabata yonse. Mlatho wa mitengo womwe tinkawolokera popita kuphiri unali utakokoloka, mtsinje ukumveka kulira munthu ali kumsewu.

Ndinalowa mu rauta, n'kuyambitsa sikiripiti. Poyamba zinayenda ngati njinga pamtsetse. Inafunsa ngati ichotse njira yakale, ndinadina y. Inafunsa ngati isinthe lamulo la pakhomo, loti ndani aziloledwa kulowa mu rauta, kuti kuyambira pamenepo azilowa okhawo obwera kudzera njira yatsopano. Ndinadina y. Ine sinanditulutse, chifukwa ndinali kale m'kati, ngati mlendo amene eni nyumba asintha loko iye ali pabalaza. Kenako inafunsa funso lachitatu: kodi njira yatsopano yayaka, ndipitirire? Ndinaimbira a Mwale ndikumwetulira, jekete ndili nalo kale paphewa.

Mawu awo anandiuza zonse asanamalize moni. Munthu wa kampani yatsopano, woti atsegule mbali yawo, anali asanafike. Kiyi wa chipinda cha makina awo anali ndi mnzake amene anapita kumaliro ku Chiradzulu, ndipo anamutsatira komweko.

"Musayankhe funsolo, bambo. Mukati y njira isanayake, itsekera zonse ku njira yakufa, nanunso ikudulani. Mukati n, sikiripiti yafa, ndipo siyambikanso pakati. Manambala achinsinsi a mbali yotsalayo ali m'kati mwake, ine pano ndilibe njira yowabweretsera. Chachikulu, musalole kuti ikutulutseni. Mukatuluka simulowanso, mpaka munthu akwere phiri ndi chingwe."

"Mtsinje wadzaza, bwana. Mlatho kulibe."

"Ndikudziwa."

"Nanga foni ya kuchipatala?"

A Mwale anati, "Panopa ndi yakufa. Idzuka tikamaliza. Munthuyu akangofika ndikuimbirani, ndipo muyankhe pompo, chifukwa ndi Loweruka, satidikira."

Ndinavula jekete n'kulipachika pamsomali.

Ana anga, pa moyo wanga ndakwerapo mapolo mphezi zikung'anima, ndalumidwapo ndi mavu ndili m'mwamba manja onse atagwira waya, koma sindinazunzikepo ngati tsiku limenelo. Ntchito yanga yonse inali iyi: kudina batani lalitali la pansi pa kiyibodi, n'kufufuta, kuti rauta idziwe kuti munthu akadalipo. Kudina, kufufuta, kudikira. Ndinkaimirira, kufika pakhomo, kusuzumira kumsika, n'kuthamangira pampando, kuopa kuti ndachedwa. Kunja oitanira akukuwa "Liwonde! Liwonde! Mmodzi yekha!" ine n'kumamva ngati akunena ine. Ndinawerenga zolembedwa pa katoni ya misomali mpaka kuziloweza. Ndinamasula taye, ndinamanganso. Kamzere kaja kakungophethira pansi pa funso, kosatopa, kopanda chisoni.

Dzuwa litafika pamutu magetsi anazima. Batire ya pansi pa tebulo inayamba kulira kwake kuja, tii, tii, ngati mwanapiye wosochera. Ndinazimitsa nyale, ndinazula chilichonse chosafunika, kusiya laputopu ndi wayilesi yolozera kuphiri. Ndinaimbira a Mwale. Anati munthu uja wapeza kiyi, ali m'njira. Ndinaimbanso. Anati ali m'njirabe. Kachitatu sindinaimbe, ndinachita manyazi.

Kenako ndinamva kabaza akuima panja, ndi mawu omwe ndimawadziwa ngakhale pakati pa msika. Mayi anu analowa atavala chitenje cha chinkhoswe, nsapato zili matope okhaokha.

"Abambo, kodi mwafa?"

"Ndili moyo, mayi."

"Nanga foni yanu ikungoti ili pa mzere wina, pa mzere wina. Anthu adzaza pabwalo, akuchimuna afika kalekale, amayi aimba nyimbo zonse mpaka ayambiranso zoyamba. Inu muli pano mukuonera chiyani? Mulibe ngakhale chithunzi m'menemo!"

Ndinawafotokozera zonse, chala chili pabatani. Mayi anu ndi munthu womva msanga. Anayang'ana laputopu, anayang'ana ine, n'kuika kachikwama kawo patebulo.

"Ndi batani limeneli? Dzukani. Ndikhala ine ndizidina. Kabaza ali panjapo, pitani mukalandire tambala mubwere."

Ndinadzuka ndithu. Ndinafika mpaka pamsomali, dzanja lili pa jekete. Kuchokera pa Songani kukafika kwathu, kupitirira ku Mishoni, ndi matope amenewo, kupita ndi kubwera ndi mwambo womwe, linali gawo lalikulu la masana. A Mwale akanaimba ine kulibe, mafunso otsalawo anali a Chizungu cha makina, ena ofuna kuti uwerenge zomwe rauta yalemba usanayankhe. Sindinkadziwa kuti atsala angati, kapena afunsa chiyani. Munthu wa kampani uja akanadikira pang'ono n'kutseka chipinda chake mpaka Lolemba, batire yathu n'kufa madzulo omwewo. Ndinaganiza za anamwino a kuseri kwa phiri, akunyamula foni n'kumva zii, mtsinje uli chidzazire, pabedi pali mayi amene mwana wakhala mopingasa. Sindinkadziwa ngati mayi woteroyo alipo. Vuto linali lomwelo, panalibe njira yofunsira.

"Nanga akaimba ine nditachoka?" ndinatero.

"Nanga akapanda kuimba mpaka mawa?" anatero mayi anu.

Onse anali mafunso abwino. Ndinachotsa dzanja pa jekete n'kuthamangira kukadina batani.

Tili choncho foni ya mayi anu inalira. Anali Layisoni, ndipo mayi anu anandipatsira foniyo. "Achimwene, a Muhiye akufuna alankhule nanu." A Muhiye ndiwo anali nkhoswe ya kuchimuna, amalume ake a Fanuwelo, mkulu wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pasikelo.

"A Kapito, tamva kuti makina akugwirani mwendo."

"Zoona, bambo. Pepani kwambiri. Ndikupempha mundidikireko pang'ono."

"Pang'ono pake pathera pati? Ife tabwera pa lole yobwereka, mwini wake akuifuna dzuwa lisanalowe, ndipo kumwambaku kwayambanso kuda. Tili ndi nkhalamba m'gulu muno. Tambala nayenso wagona m'khwapa mwanga, anthu ayamba kufunsa ngati ndi wamoyo."

Ndinaseka. "Ndiye tichite chonchi, bambo. Mng'ono wanga Layisoni alandire tambalayo mondisungira. Nkhoswe ndikhala ndine, iye angogwira lero lokha."

"Ayi," anatero a Muhiye, mosakalipa. "Zimenezo kwathu tinasiya. Mwana wa mlongo wanga wina tinam'chitira choncho, wina kulandira, wina kukhala mwini. Banja litayamba kugwedezeka, uyu akuti pitani kwa uyo, uyo akuti mesa analandira ndi uyo. Pomwe amalume awiriwo ankamaliza kukankhirana, banja linali litatha. Ife timafuna dzanja limodzi, lomwe anthu onse aliona. Amene alandire lero, ndi amene ndizidzamugogodera. Ngati simungathe, tinene kuti chinkhoswe chalephereka, tibwerere, tikakambirane kwathu ngati tidzabwerenso."

Mawu omalizawo sanawanene moopseza, koma ndinawamva bwino. Anthu akabwerera ndi tambala wawo, kumudzi kwawo nkhani imakafika isanafike lole, ndipo si onse amabweranso.

"Ndipatseni Esinati," ndinatero.

Kunamveka phokoso, zitenje, wina akuti tamusiyani alankhule. Kenako kamawu kake.

"Amalume."

"Mwana wanga."

"Mwavala suti ija?"

Ndinayang'ana jekete pamsomali. "Ndavala."

"Ndiye bwerani. Ine ndidikira. Ndawauza kuti ndidikira."

Mayi anu anali ataima pakhomo, akundiyang'ana. Batire inkalira. Ndinadina batani, ndinafufuta.

"Esinati, tamvera. Usadikire. Amalume ako aang'ono alandira tambala. Ndi munthu wabwino, ndipo ukamufuna umamupeza pamalo amodzi. Chinkhoswe chako chichitike lero."

Ndinamva akupuma, kenako foni inabwerera kwa Layisoni. "Achimwene, mukunena zoona?" Ndinati ndikunena zoona, avale jekete, aimirire mowongoka, ndipo tambala amugwire ndi manja awiri. Mayi anu anatola kachikwama kawo. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Mwadya?" Ndinati ayi. Anandigulira chinangwa chophika kumsika, anachiika pambali pa laputopu, n'kukwera kabaza.

A Mwale anaimba dzuwa litapendeka, kunja kukuwaza. "Yayaka, bambo! Yankhani!" Ndinadina y. Rauta inalemba mizere yake, inafunsanso, ndinawerenga mosamala, y. Inafunsanso, y. Mafunso otsalawo anali ochepa, ndipo onse yankho lake linali lomwelo. Chinangwa chomwe ndinali nditaluma ndisanayambe ndinali ndisanachimeze pomwe sikiripiti inalemba kuti yamaliza. Ndinaimba foni ya kuchipatala. Inalira, n'kuyankhidwa.

"Halo? Ndani?"

"Ndine Kapito wa pa Songani, asisita. Ndimayesa foni. Kuli bwanji kumeneko?"

"Kuli bwino, bambo. Bwanji, inawonongeka?"

Sanadziwe n'komwe. Tsiku lonse panalibe amene anaikhudza. Ndinafufuza pambuyo pake, poti mtima sunkandilola: foni imeneyo anayamba kuigwiritsa ntchito Lachiwiri, ndipo anamwino ankaitanitsa magolovesi.

Ndinafika kumudzi achinyamata akubweza mabenchi kutchalitchi. Lole inali itapita, matayala ake atasiya mikwasa m'matope. Layisoni anali atakhala pakhonde, tambala atamumangirira mwendo kumpando wake. Atandiona anaimirira msangamsanga ngati wagwidwa akuba.

"Achimwene, ndangokusungirani. Mutengeni."

"Anthu aona dzanja la ndani?"

"Langa."

"Ndiye ndi wako. Umupatse madzi, wavutika lero."

Esinati anatuluka m'nyumba atavula kale zachinkhoswe. Anagwada, anandipatsa moni, n'kuyang'ana suti yanga, yomwe inali itanyowa ndiponso thalauza lili matope mpaka m'mawondo. "Ikukukhalani," anatero, n'kulowanso m'nyumba. Madzulo ake nditawafotokozera mayi anu za mafunso otsala aja, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye kuti y yekhayekha? Ameneyo ngakhale ine ndimamudziwa, abambo."

A Mwale anabwera okha sabata yotsatira kudzapepesa. Anakhala pamkeka, anavula nsapato, analankhula ndi mayi anu mwaulemu wonse. Kuyambira pamenepo sikiripiti iliyonse yomwe ankalemba inkayamba yafunsa ngati njira yatsopano yayaka, isanagwetse yakale. Inali nzeru yabwino, ndipo inathandiza anzanga a m'maboma ena. Ine inandipeza tambala atapita.

Zaka zopuma

Ndinagwira ntchito imeneyo mpaka mawondo anayamba kukana phiri. Rauta yokalamba ija anaichotsa, ndipo kuseri kwa phiri anamangako nsanja ya mafoni a m'manja, moti lero mwana aliyense kumeneko amaimba foni ali m'munda. Anthu akandifunsa ngati ndinachita bwino Loweruka lija, yankho langa limatengera tsiku. Pali masiku omwe ndimati munthu sungasiye chipatala chopanda foni mtsinje utadzaza, ngakhale foniyo isalire. Pali masiku ena omwe ndimadzuka n'kuzungulira nyumba kawiri, mayi anu n'kufunsa ngati ndataya kanthu.

Layisoni wakhala nkhoswe yabwino, mwina kuposa momwe ine ndikanakhalira. Amamvetsera mpaka munthu amalize. Mwana woyamba wa Esinati atabadwa, uthenga unayamba kufika kwa iye, ndipo ndi iye anabwera kudzandiuza, akuchita ngati wapalamula. Esinati sanandisungire mkwiyo. Amabwera, amatibweretsera nthochi, ana ake amanditcha agogo ndipo amasewera ndi mabuku anga a makina. Koma pali nkhani zina zomwe pakhomo panga sizilowa.

Chaka chatha, nthawi yokolola, ndinali pakhonde ndikukonza wayilesi ya aneba, ndinamuona akubwera ndi njira ya ku Mishoni, mwana kumbuyo, chikwama chachikulu m'manja. Sanali masiku a tchuthi. Maso ake anali otupa. Anapatuka, anagwada pafupi ndi sitepe, anandipatsa moni.

"Kunyumba kuli bwanji?" ndinafunsa.

"Kuli bwino, amalume."

"A Fanuwelo?"

"Alipo." Anakonza nsalu ya mwana, ngakhale inali bwinobwino. "Ndimapita kwa amalume aang'ono. Ndimati ndikupatseni kaye moni."

Mafunso anadzaza m'kamwa mwanga mpaka m'masaya. Ndinaika sikuludiraiva pansi, ndinamulanda chikwama chija, n'kunena kuti ndimuperekeze. Tinayenda, iye patsogolo, ine pambuyo, kudutsa m'minda ya chimanga chouma. Chikwamacho chinali cholemera, cha munthu amene sakudziwa kuti abwerera liti. Titafika pamphambano pomwe njira imakhotera kwa Layisoni, makina ake osokera akumveka chapatali, ndinaima n'kumupatsa chikwama chake.

"Simufika, amalume?"

"Ayi, mwana wanga. Pita, akumvetsera. Ukamaliza udzere kuno, azakhali ako akusungira maungu."

Anagwedeza mutu movomera n'kukhota. Ndinaima pamphambanopo mpaka makina aja anasiya kulira, ndipo ndinadziwa kuti wafika.